Popita pa Basi, Pobwerera pa Chiwongolero: Zolemba za Ulendo wa ku Songwe

Lolemba madzulo, ku Lilongwe

Galimoto imene tinaitanitsa kuchokera ku Japan inatsika padoko la Dar es Salaam mwezi watha, ndipo ejenti amene akutithandiza wanena kuti pofika Lachinayi idzakhala ili pachipata cha Songwe, m'malire a dziko lino ndi Tanzania. Motero ulendo uno wadzigawa wokha pawiri: popita ndikwera basi, pobwerera ndidzakhala pa chiwongolero. Kwathu ku Chilomoni takhala tikutsutsana kwa nthawi yaitali ngati munthu wodalira malipiro a pamwezi amapinduladi pokhala ndi galimoto, ndipo ndaona kuti msewu wautali umene ndauyambawu ungaweruze mlanduwu bwino kuposa ife.

Ndinanyamuka ku Blantyre m'mawa pa basi ya kochi, ya mtundu uja umene munthu amagula tikiti tsiku lisanafike n'kupatsidwa nambala ya mpando. Choyamba choyenera kuyamikira n'chakuti inanyamuka pa nthawi imene inalembedwa patikiti, ngakhale kuti mipando ingapo inali yopanda anthu, ndipo amene anadikirirapo basi pa Wenela akudziwa kuti zimenezi si zazing'ono. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 300, ndipo pa mtunda wonsewo panalibe chimene ndinafunika kuchidera nkhawa. Pa mlatho wa Shire ku Zalewa apolisi anayang'ana ziphaso za dalaivala, osati zanga. Pa toll gate ya Chingeni, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021, komanso pa ya Kalinyeke ku Dedza, sindinapise dzanja m'thumba, popeza gawo langa la ndalamayo linali kale m'tikiti, litagawidwa pakati pa tonse amene tinali m'basimo. Ndinawerenga, ndinayankha mauthenga a kuntchito, ndipo kuyambira pa Linthipe mpaka pa Nathenje ndinagona tulo tabwino.

Mtengo wa mtendere umenewu ndinauona pa Lizulu. Pakati pa Ntcheu ndi Dedza msewu umayenda m'malire enieni, kotero kuti munthu wopita ku Lilongwe akayang'ana kumanzere amaona midzi ya ku Mozambique. Pa Lizulu panali milu ya kabichi, tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere, zonse zooneka kuti zachoka kudimba m'mawa womwewo, koma kochi siima pamalo otero. Tinangodutsa maso ali pawindo. Mayi amene anakhala kutsogolo kwanga anadandaula mokweza kuti ku Lilongwe akagula kabichi yemweyo pa mtengo wokwera, koma dandaulo lawo linalibe womulunjika, chifukwa kusaima paliponse n'kumene tonsefe tinalipirira.

Lachiwiri usiku, ku Mzuzu

Lero ndakwera basi wamba ya padepoti, popeza kochi ya m'mawa inali itadzaza, ndipo ndaona nkhope ina ya ulendo wa pa basi, imene anthu ambiri a dziko lino amaidziwa kuposa ya dzulo ija. Nditangotsika pa kabaza pafupi ndi depoti ya ku Old Town, anyamata oitanira anandizungulira, aliyense akukoka chikwama changa ndi kulumbira kuti basi yake yangotsala ndi anthu awiri kuti inyamuke. Imene ndinasankha inkaoneka yodzaza ndithu, injini ikulira, dalaivala akuisuntha pang'ono kupita kutsogolo n'kuibwezanso. Patapita nthawi ndinazindikira kuti ena mwa amene anakhala pamipando sanali apaulendo, chifukwa wokwera weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatsika mwakachetechete n'kukakhala m'basi ina. Ndinalowa dzuwa litangotuluka, koma tinachoka padepoti litakwera kale, titamva ulaliki wathunthu ndi kugulitsidwa mankhwala a mano, mahedifoni ndi mazira owiritsa.

Pambali panga panakhala bambo wina wachikulire wopita ku Nkhamenya, amene ataona kuti ndikuyang'ana wotchi pafupipafupi anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, wotchiyo ibiseni, kuno nthawi ndi ya mwini basi." Kenaka anayamba kukumbukira masiku a mabasi a kampani ya United Transport Malawi (UTM), pamene basi inkafika pasiteji ya kumudzi pa ola lodziwika ndipo anthu ankadziwira nthawi pa kulira kwake. Zimene ankanenazi zili ndi mbiri yake. Kampaniyi inagulidwa ndi Stagecoach ya ku Britain mu 1989, kenaka mu 1997 inasanduka Shire Bus Lines, imene inadzatha m'zaka za m'ma 2000. Kuchokera pamenepo njira zambiri zinatsala m'manja mwa eni mabasi ndi maminibasi amene phindu lawo limadalira kuchuluka kwa mitu imene yalowa, ndipo munthu wotero sangachoke ndi mipando yopanda anthu chifukwa chakuti wotchi yakwana. Sindikuona kuti ndi nkhanza; ndi masamu a bizinesi imene mafuta ake ndi okwera mtengo. Koma wolipira masamuwo ndi wokwera, ndipo amalipira ndi tsiku lake.

Kuchokera ku Lilongwe kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 360. Tinaima pa Lumbadzi, pa Mponela, pa Madisi, ku Kasungu, pa Chatoloma ndi pamalo ena ambiri amene alibe dzina pamapu, paliponse pamene munthu anakweza dzanja kapena kumenya denga. M'zigawo zina za msewuwu, umene unkakonzedwa ndi thandizo la European Union ndi European Investment Bank, tinapatukira m'njira zafumbi, ndipo amene anatsegula mawindo anafika tsitsi litafiira. Pa Jenda tinatsika tonse kuti apolisi aone katundu.

Komabe sindingalembe ngati kuti tsiku lonse linali chilango. M'basi muja ndinamva mtengo wa thumba la chimanga m'maboma osiyanasiyana, ndinamva madandaulo a alimi a fodya a ku Kasungu kuchokera pakamwa pawo, ndipo mayi wina wa ku Mzimba anandigawira chinangwa chophika osandifunsa dzina. Pansi pa basi panali matumba, njinga, malata ndi dengu la nkhuku, katundu amene galimoto yaing'ono imene ndikukatengayi singanyamule ngakhale theka lake. Ndalama imene ndinalipira inali yochepa poyerekeza ndi mtunda. Ndipo pamene tinalowa m'nkhalango ya Chikangawa kutada, nkhungu ya mwezi uno wa July itaphimba msewu moti nyali zinkangoonetsa utsi woyera, ndinathokoza kuti amene anali pa chiwongolero ndi munthu wodziwa khona iliyonse ya phiri la Viphya, osati ine.

Lachitatu, ku Karonga

Kuchokera ku Mzuzu kubwera kuno, mtunda wa makilomita pafupifupi 220, ndayenda pa minibasi, ndipo ngati pali tsiku limene landikumbutsa chifukwa chimene tinayambira kusunga ndalama za galimoto, ndi lero. Pamzere wa anthu atatu tinakhala anayi, mawondo anga atatsamira chitsulo cha mpando wa kutsogolo, thumba la munthu wina lili pamiyendo panga. Titadutsa Ekwendeni ndi Enukweni anthu anayamba kuchepa, ndipo tisanafike pa Phwezi kondakitala anatiuza kuti titsike tikalowe m'minibasi ina imene inaima kutsogolo. Anatigulitsa, monga mmene timanenera, ndipo m'minibasi yachiwiriyo tinayambanso kudikira kuti idzaze. Palibe amene anatifunsa maganizo. Munthu amene wavala bwino, amene kuntchito kwake amapatsidwa ulemu, akalowa m'minibasi amasanduka katundu wotha kusamutsidwa, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu ambiri amene amagula galimoto movutikira amakhala akuthawa chipongwe chimenechi kuposa kuchedwa.

Chachiwiri ndi mantha. Potsika phiri la Chiweta, pamene msewu umapindapinda pamwamba pa maphompho, moyo wanga unali m'manja mwa mnyamata amene sindikumudziwa, pa mabuleki amene sindinawaone, ndipo fungo la kupsa kwake linkamveka mpaka kumbuyo. Agogo ena anayamba kupemphera chamumtima milomo ikugwedera. Mayi wina anati, "Adalaivala, chonde pang'onopang'ono, tili ndi ana kunyumba," ndipo dalaivalayo anachepetsadi liwiro kwa kanthawi.

Koma popeza sindinali kuyendetsa, ndinaona zonse zimene phirilo limaonetsa. Ndinaona malole a malasha ochokera ku mgodi wa Mchenga, anyani atakhala m'mphepete mwa msewu kudikira zotayidwa, ndipo pa khona ina nyanja inatulukira yonse pansi pathu, yobiriwira mpaka kumapiri a tsidya lina. Kuyambira pa Chitimba, pamene pali njira yokwera ku Livingstonia, msewu umatsata gombe kudutsa Chilumba, Uliwa ndi Ngara, pakati pa matandala oyanikapo usipa. Ndafika ku Karonga masana, kukutentha ngati kuti kuzizira kwa ku Mzuzu kunali kwa dziko lina. Tauni ino ndi yafulati, ndipo anthu ake anayankha kale funso langali m'njira yawoyawo: pafupifupi aliyense ali pa njinga.

Lachinayi, ku Karonga

Tsiku lonse lathera pa Songwe, makilomita pafupifupi 45 kuchokera pano. Mtsinje wa Songwe ndiwo malire, ndipo tsidya lake, pa Kasumulu, nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi, chinthu chimene chinasokoneza pangano langa ndi dalaivala wa ku Tanzania amene anabweretsa galimotoyo kuchokera kudoko. Ndinaipeza itaima pakati pa zinzake zambiri zokhala ndi nambala za IT, zimene galimoto zochokera kunja zimayendera zisanalembetsedwe, yodzaza fumbi, pagalasi atalembapo manambala ndi choko.

Chimene ndaphunzira lero n'chakuti galimoto imayamba kudya ndalama isanasunthe. Mtengo umene tinauona pa intaneti unali chiyambi chabe. Pamwamba pake panabwera za sitima, za padoko, za dalaivala woibweretsa kumalire, za ejenti, kenaka msonkho wa bungwe lotolera misonkho la MRA, umene umawerengedwa potengera mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake, kotero kuti galimoto yakale imene imaoneka yotchipa ku Japan imadzalangidwa pachipata. Popeza zambiri mwa zimenezi zimawerengedwa m'madola, kugwa kwa kwacha kumalowa m'thumba la wogula mwachindunji. Pamene ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu amene galimoto zawo zinali panyanja anadzuka ndi ngongole imene sanagone nayo. Nditamaliza za msonkho ndinagulanso inshulansi, chifukwa popanda iyo galimoto siloledwa pamsewu. Zonsezi ndi ndalama zimene munthu wokwera basi sadzazilipira pa moyo wake wonse, ndipo nditaziwonkhetsa pakapepala ndili pamthunzi, ndinaona kuti zikanandigulira matikiti a kochi kwa zaka zambiri.

Ngakhale zili choncho, sindibisa kuti pamene ndinakhala pampando, n'kutseka chitseko, phokoso lonse la pachipata n'kutsekeka kunja, mtima unasangalala. Pobwerera ku Karonga ndinaima pa Kaporo n'kugula thumba la mpunga wa Kilombero, ndipo sindinapemphe chilolezo kwa kondakitala aliyense kapena kukangana naye za mtengo wa katundu. Wailesi yokha ndiyo inandikana: mawailesi a m'galimoto za ku Japan amayambira pa 76 FM n'kulekezera pafupi ndi 90 FM, pamene nyumba zambiri zoulutsira mawu kuno zili pamwamba pa pamenepo, choncho ndinayenda ndi phokoso la matayala lokha.

Lachisanu usiku, ku Mzuzu

Ndinafuna kunyamuka mbandakucha, koma galimoto inabwera ndi mafuta ongokwanira kufika m'tauni, ndipo pamalo omwetsera mafuta amene anali ndi petulo panali mzere wa galimoto, njinga zamoto ndi anthu a zigubu. Kuyambira mu 2022 kusowa kwa mafuta kwakhala kukubwera ndi kupita m'dziko muno, makamaka chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja zogulira mafutawo. Ndili pa mzerewo ndinaona mabasi awiri a ku Mzuzu akudutsa. Lachiwiri ndinkadandaula kuti nthawi yanga ili m'manja mwa mwini basi; lero inali m'manja mwa thanki ya mafuta imene inachedwa kuchokera ku Dar es Salaam. Mwini galimoto sadikira kuti anthu adzaze, koma ali ndi zodikira zakezake, ndipo pa mtengo wa mafutawo, umene amalengeza ndi a bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA, alibe mawu ngakhale pang'ono.

Msewu umene ndinauyenda Lachitatu ndauyendanso lero, koma ndinganene kuti sindinauone. Maso anga anali pa maenje, pa mbuzi, pa ana a sukulu oyenda m'mphepete, ndi pa anthu a njinga onyamula matumba a makala opingasa amene amatenga theka la msewu. Pokwera Chiweta ndinatsekeredwa kumbuyo kwa thanki yodzaza imene inkakwawa, ndipo pa makhona amenewo munthu wanzeru sapitirira. Nyanja ija inali kumbuyo kwanga ndi kumanzere, koma kuicheukira kukanakhala kuika moyo pachiswe. Ndafika ku Mzuzu mapewa akuwawa, mutu uli wolemera, ngakhale kuti ndinakhala pampando wofewa wa ndekha, kusiyana ndi Lachitatu pamene ndinapanikizika koma n'kufika ndi maganizo opepuka.

Msuweni wanga, amene ndi makaniko kuno, waiyang'ana galimotoyo madzulo ano. Wati injini ili bwino, koma mafuta a mu injini ndi osafunika kuyenda nawo ulendo wautali, ndipo matayala ndi a m'nyengo yachisanu ya ku Japan, a mphira wofewa umene umatha msanga pa phula lotentha la kuno. Nditamufunsa mtengo wa matayala anayi atsopano n'kugwira pakamwa, iye anaseka n'kuti, "Asuweni, walira mvula walira matope." Tasintha mafutawo, matayala adikira malipiro a mwezi uno.

Loweruka, ku Salima

Lero galimoto yaonetsa ubwino wake weniweni, ndipo ndiyenera kuulemba mokwanira monga ndalembera zoipa zake. M'malo mobwerera pa M1, ndinasankha msewu wa m'mphepete mwa nyanja, wa M5, ndipo kusankha kumeneku pakokha ndi chinthu chimene tikiti ya basi sipereka. Ndinatsikira ku Nkhata Bay, ndinadutsa m'minda ya mitengo ya mphira ya Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wa mitengoyo, ndinaima pa Chintheche kudya nsima ya kondowole ndi nsomba pa nthawi imene njala inandipeza, osati pa nthawi imene dalaivala wina anafuna. Kuyambira cha ku Dwangwa, pakati pa minda ya nzimbe, msewu ndi wopapatiza, m'mbali mwake munadyeka, ndipo pali milatho ina yodutsa galimoto imodzi pa nthawi, kotero kuti ukakumana ndi lole umayenera kutsikira kudothi. Pa dzenje lina limene ndinaliona mochedwa tayala la kutsogolo linang'ambika m'mbali. Ndinalisintha ndekha padzuwa, ana a m'mudzi atandizungulira n'kumandilangiza pomwe ndiike jeki. Basi ikaphulika tayala, wokwera amakakhala pamthunzi n'kumadandaula. Galimoto ikakhala yako, wodandaula ndi wogwira sipanala amakhala munthu mmodzi.

Chifukwa chenicheni chodzera njira imeneyi chinali azakhali anga, amene amakhala m'mudzi wina m'boma la Nkhotakota, kutali ndi msewu wa phula. Kale kuti ndikawaone ndinkatsika minibasi pamsewu, n'kukwera kabaza, n'kumalizitsa wapansi, ndipo chifukwa cha zimenezi papita nthawi yaitali ndisanapondeko. Lero ndinaimika galimoto pabwalo pawo penipeni n'kutsitsa theka la mpunga uja. Palibe basi m'dziko muno imene ikanandichitira zimenezi, ndipo chisangalalo chimene ndinaona pankhope pawo sindingachiike pakapepala kanga ka masamu kaja.

Koma pabwalo pomwepo ndinaonanso mtolo umene umabwera ndi makiyi. Azakhali atayendera galimotoyo mbali zonse anati, "Mwanawe, wachita bwino, tsopano pabanja pano tapeza miyendo." Mawuwa ndi a chikondi, koma tanthauzo lake ndi lakuti pakagwa matenda usiku, pakachitika maliro kapena chinkhoswe, foni imene idzalire ndi yanga, ndipo mafuta adzakhala anga. M'mabanja mwathu galimoto sikhala ya munthu mmodzi, ndipo amene amawerengera mtengo wake poganizira ulendo wa kuntchito wokha amakhala atasiya gawo lalikulu. Sindikunena kuti n'zoipa; munthu amene wanyamula wodwala kupita naye kuchipatala usiku wachita chinthu choposa ndalama. Ndikungonena kuti ziyenera kuwerengedwa. Pochoka, mipando yonse inali itadzaza: mlamu wina wopita ku Nkhotakota boma, mtsikana wobwerera kusukulu ndi sutikesi yake, ndi mayi wa mwana wodwala chifuwa. Ndinawatsitsa mmodzimmodzi, ndinagula nsomba pa Chia, ndipo ndalowa mu Salima kutada, ndikuyenda pang'onopang'ono chifukwa ndinalibenso tayala lapadera.

Lamulungu, ku Blantyre

M'mawa ndinagula tayala logwiritsidwapo kale ntchito ku Salima, kenaka ndinadutsa Chipoka ndi Mtakataka mpaka pa Golomoti, pamene ndinakhotera kumanja kukwera phiri la Khwekhwerere kuti ndikatulukire pa M1 cha ku Masasa. Njirayi ndi yozungulira, koma ndinafuna kuima pa Lizulu, ndipo ndinaimadi n'kudzaza kumbuyo ndi kabichi, kachewere ndi anyezi. Amalonda atangoona galimoto ya nambala ya IT anakweza mitengo, moti ndinachita kunenerera nthawi yaitali kuti ndifike pa mtengo umene mayi wotsika minibasi anapatsidwa pa mawu oyamba.

Kuchokera pamenepo ndalama zinkatuluka pang'onopang'ono koma mosalekeza. Pa Chingeni ndinalipira ndekha. Ku Ntcheu ndinamwetsanso mafuta. Pa malo aliwonse a apolisi ndinaima, n'kutulutsa laisensi, zikalata za msonkho ndi za inshulansi, n'kufotokoza kumene galimoto ikuchokera, ndipo m'misika ya m'mbali mwa msewu ndinkayang'anitsitsa zikwangwani za liwiro podziwa kuti kamera ikhoza kukhala paseri pa mtengo uliwonse. Kusiyana kwakukulu kumene ndakuona n'kwakuti mtengo wa basi umadziwika usanakwere ndipo umalipidwa kamodzi, pamene wa galimoto umabwera m'zidutswa, china lero, china mwezi wa mawa, moti mwini wake akhoza kudzinamiza kwa nthawi yaitali kuti akuyenda motchipa. Nditawonkhetsa madzulo ano, petulo yekha wa pobwerera waposa matikiti onse a popita, osawerengera tayala ndi mafuta a mu injini. Tikanakhala anthu anayi a banja limodzi, masamuwo akanatembenuka. Kwa munthu mmodzi woyenda pakati pa mizinda imene kochi imafika, galimoto ndi yowononga.

Lolemba, ku Blantyre

Ulendo wautali watha, koma mlandu wa kunyumba uja unali wa ulendo wa tsiku ndi tsiku, choncho lero ndapita kuntchito ku Limbe pa galimoto kuti ndione. Masiku onse ndimakwera maminibasi awiri, ya ku Chilomoni yokanditula m'tauni, ndi ina yodutsa mu Masauko Chipembere Highway, ndipo nthawi yambiri imathera pa kudikira pasiteji ndi kuima pa Ginnery Corner, pa Queens, pa Chichiri ndi paliponse pamene kondakitala waona munthu woyenda ngati akufuna kukwera. Lero ndinachoka kunyumba mochedwerapo n'kufika msanga, nsapato zili zoyera, ndipo mayi a kunyumba ndinawatula pakhomo pa ntchito pawo. Komabe pamzere wa galimoto wa m'mawa ndinaima chimodzimodzi ndi maminibasi, ndipo iwo ankandipitirira podzera m'mbali mwa msewu, njira imene ine sindingayerekeze. Amene ankadutsa onse mosavuta ndi a kabaza wa njinga zamoto. Ku Limbe ndinazungulira kufunafuna poimika, ndinalipira malowo, ndipo masana onse mtima unali pa magalasi a m'mbali, amene anthu amati sachedwa kuzulidwa.

Pobwerera madzulo mvula ya chiperoni inkawaza, ndipo pasiteji ya ku Limbe panali khamu la anthu olimbirana khomo la minibasi, mitengo itakwera monga imachitira nthawi zonse anthu akachuluka. Pakati pawo ndinaona aneba athu awiri, ndinawatenga, ndipo m'njira tinayamba kuwerengera. Ndalama imene aliyense wa iwo amalipira pa maminibasi anayi patsiku, itaphatikizidwa ndi yanga ndi ya mayi a kunyumba, ikuyandikira petulo wa ulendo wa ku Limbe ndi kubwerera, ngakhale siikhudza matayala, inshulansi ndi makaniko. Mmodzi wa iwo, bambo wogwira ntchito kubanki, anati ali wokonzeka kumasonkha za mafuta pa sabata, malinga tizinyamuka pa nthawi imodzi tsiku lililonse. Mnzakeyo anakayikira, ponena kuti iye amaweruka mochedwa masiku ena ndipo safuna kukhala chifukwa chodikiritsa anthu.

Nkhaniyi taisiya kaye mpaka galimoto italembetsedwa. Mawa ndiyamba ndi kupolisi kuti akaitsimikizire kuti si yobedwa, kenaka ku ofesi ya Road Traffic pa Ginnery Corner kukayezetsa COF, chiphaso chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi kutenga nambala ya kuno, ndipo ndapempha kale tchuthi cha tsiku lonse kuntchito.